Kompyuta Ikachita Mdima: Za Kusintha Khadi la Zithunzi

M'masukulu ambiri a sekondale m'dziko muno, ngakhalenso m'maofesi a mipingo ndi m'timashopu tolembera makalata, makompyuta amene akugwira ntchito si atsopano ayi. Ambiri ndi aja a bokosi lalikulu loikidwa pa tebulo kapena pansi pake, amene anayamba atumikira kaye m'maofesi a ku Ulaya kapena ku America asanawoloke nyanja kudzafika kuno. Makina oterewa ndi olimba ndithu, koma limafika tsiku pamene mphunzitsi amadina batani, fani n'kuyamba kulira monga mwa masiku onse, kanyali kakutsogolo n'kuyaka, koma pa monita osaoneka kanthu, mdima wokhawokha. Pamenepo mawu amene amafulumira kutuluka pakamwa ndi akuti "kompyuta yafa," ndipo bokosi lija amakaliunjika m'chipinda chosungira katundu pamodzi ndi madesiki othyoka. Ophunzira okonzekera mayeso a Computer Studies a MSCE, amene amapanikizana atatu pa makina amodzi, kuyambira tsikulo amapanikizana anayi.

Kawirikawiri kompyuta yotere imakhala isanafe. Chimene chafooka ndi chiwalo chimodzi, ndipo nthawi zina chiwalocho ndi khadi la zithunzi, lija amisiri amalitcha graphics card. Kuzula khadi lakufa ndi kulowetsapo lina ndi ntchito ya mphindi zowerengeka, imene mwana wa Fomu 2 angaigwire bwinobwino. Pamene anthu amataya ndalama ndi pawiri: kugula khadi asanatsimikize kuti lakale lafadi, ndi kugula khadi limene mtima wawo wakonda mmalo mwa limene kompyutayo ingathe kulinyamula. Pa nkhani imeneyi wosankha khadi si mwini ndalama ayi, koma kompyuta yomwe.

Kodi khadi limeneli limagwira ntchito yanji? Purosesa ndiyo imawerengera ndi kulamula, koma kujambula ndi ntchito ya wina. Chilichonse chimene diso limaona pa monita, kaya ndi chilembo chimodzi kaya ndi kanema, chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono ta kuwala. Monita ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho 2,073,600, ndipo tonseto timatumizidwa mwatsopano ka 60 pa sekondi iliyonse. Ntchito yotopetsayi imagwa pa khadi, limene lili ndi kaubongo kakekake kotchedwa GPU, memory yakeyake, ndiponso kachitsulo ka timapiko kochotsa kutentha, kamene kawirikawiri kamakhala ndi fani pamwamba.

Mdani wamkulu wa khadi ndi kutentha. Fumbi la mu Okutobala likalowa m'bokosi limamatirira pa timapiko tija ngati bulangete. Fani imalema, kenaka imaima osauza munthu. Phala lotuwa limene amapaka pakati pa GPU ndi kachitsulo kochotsa kutentha limauma m'kupita kwa zaka. GPU nayo imamatidwa pa khadi ndi timibulu tambirimbiri ta chitsulo chosungunula, ndipo kutentha ndi kuzizira kwa tsiku ndi tsiku kumatiswa pang'onopang'ono, monga mmene waya amadukira mukamamupinda uku ndi uku. Limeneli si vuto la kwathu kokha: m'chaka cha 2008 kampani ya NVIDIA inapatula madola a ku America 196 miliyoni olipirira kukonza makompyuta, makamaka malaputopu, amene ma GPU ake anafa chifukwa cha kufooka kwa zolumikizira zamkati. Palinso makapasita, timigolo ting'onoting'ono toimirira pa khadi ndi pa bolodi. Ambiri opangidwa pakati pa 1999 ndi 2007 anali ofooka, ndipo akafa amatupa pamwamba kapena kutulutsa zinthu zofiirira zonga dzimbiri. Otsiriza ndi magetsi othima ndi kubwera modzidzimutsa, pamodzi ndi mphenzi za m'dzinja.

Musanapite kumsika

Khadi lodwala limadziulula. Pa monita pamaoneka timizere, timabwalo ta mitundumitundu, kapena zilembo zosokonekera. Chofunika kuyang'anitsitsa ndi nthawi imene zisokonezozo zikuyamba. Zikaoneka pa chithunzi choyambirira penipeni, pamene pamatuluka dzina la kampani yopanga makinawo Windows isanayambe, ndiye kuti khadi lilidi pa mlandu. Koma chithunzi choyambacho chikakhala choyera, mavuto n'kumayamba Windows italowa, kayikirani kaye dalaivala, ndiye kuti pulogalamu imene imalankhulitsa Windows ndi khadi. Makompyuta akale amathanso kudandaula ndi kulira: pa ambiri a iwo, kulira kumodzi kotalika kotsatidwa ndi kuwiri kapena kutatu kwakufupi kumatanthauza kuti mbali ya zithunzi yakana.

Mdima wopanda zizindikiro ndi umene umasokeretsa, pakuti zinthu zambiri zimaubweretsa. Yambani ndi zapafupi. Monita yomweyo ikhoza kukhala ndiyo yafa, kapena nthambo yake. Nthambo ya VGA, ija ya mutu wa buluu, ili ndi timano 15, ndipo kamodzi kokha kakapindika chithunzi chimasintha mtundu kapena kusoweratu. Bwerekani monita ndi nthambo za kompyuta yoyandikana nayo. Apa sukulu ili ndi mwayi umene munthu wa makina amodzi alibe, chifukwa makompyuta a m'chipinda chimodzi nthawi zambiri amakhala amapasa, ndipo chiwalo chokayikitsa mungachiyese mwa mnzake.

Kenaka yang'anani kumbuyo kwa bokosi. Mukaona polowetsa nthambo ya monita m'malo awiri, pena pafupi ndi mabowo a USB, pena padera cha kumunsi, dziwani kuti kompyutayo ili ndi ojambula awiri. Pa kumunsipo ndi pa khadi. Pafupi ndi USB ndi pa bolodi lalikulu, lija la motherboard. Kuyambira cha m'ma 2010 mapurosesa ambiri a Intel amabwera ndi wojambula wake m'kati, ndipo zaka za m'mbuyo mwake wojambulayo ankakhala pa bolodi. Zulani khadi, lumikizani monita pa bolodi, yatsani. Tikunenetsa kuti muzule khadi, chifukwa makina ambiri amatseka bowo la pa bolodi akangomva kuti m'kati muli khadi, ngakhale lakufa. Chithunzi chikabwera, kompyuta yanu ndi yamoyo.

Chikapanda kubwera, musafulumire kuweruza. RAM yosakhala bwino mumpata wake imabweretsa mdima womwewo. Izuleni, pukutani timano take tagolide ndi labala wofufutira pensulo mosakanikiza, ndipo muibwezere mpaka timatsekero ta m'mbali titalira. Chitani chimodzimodzi ndi khadi lomwe, pakuti makhadi ambiri amene anthu amawaimbira nyimbo za maliro amangofuna kupukutidwa ndi kukhazikidwa bwino. Kabatire kozungulira ngati ndalama ka pa bolodi, ka CR2032, nakonso kakatha kamasokoneza makina ena poyamba.

Tsono pali funso limene ogulitsa sadzakufunsani. Ngati chithunzi chabwera kudzera pa bolodi, ndipo ntchito ya kompyutayo ndi kuphunzitsira Word ndi Excel, kulemba mayeso ndi kufufuza pa intaneti, kodi khadi lina n'lachiyani? Wojambula wa m'purosesa amakwanitsa zonsezi, amadya magetsi ochepa, ndipo alibe fani yoti idzaime. Ife tikuona kuti sukulu yotere ichita bwino kutseka bowo la khadi ndi kachitsulo kuti fumbi ndi mphemvu zisalowe, ndalamazo n'kugulira RAM kapena SSD, zimene wophunzira aliyense adzamva kusintha kwake tsiku lomwelo. Ofunikadi khadi ndi amene purosesa yawo ilibe wojambula, monga ma Xeon ambiri, ma Intel okhala ndi chilembo F kumapeto, ndi ma Ryzen akale opanda chilembo G. Ndiponso amene amakonza zithunzi za maukwati, kudula makanema, kapena kujambula mapulani a nyumba.

Zimene kompyuta idzakuuzani

Choyamba ndi mpata wolowetsamo khadi. Makina a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 2000 anali ndi mpata wa AGP, umene unayamba kuoneka mu 1997, kawirikawiri wofiirira. Kuyambira 2004 malo ake anatengedwa ndi PCI Express, ndipo mpata wa khadi la zithunzi ndi wautali koposa yonse, wa x16, wokhala ndi kokowera kumapeto. Awiriwa salowana m'pang'ono pomwe. Mwini makina a AGP tingomulangiza kuti asataye ndalama pokhapokha khadilo alipeze mwaulere, ndipo ngakhale pamenepo asamale, chifukwa AGP inali ya mitundu ingapo yosiyana mphamvu ya magetsi. Ubwino wa PCI Express ndi wakuti mibadwo yake imamvana: khadi la m'badwo wachitatu limagwira ntchito mumpata wa m'badwo wachiwiri, kungoti limayenda pa liwiro la mpatawo.

Chachiwiri, chimene chili chachikulu pa zonse, ndi magetsi. M'bokosi la kompyuta muli kabokosi kena ka chitsulo, ka power supply, kamene kamalandira magetsi a pakhoma ndi kuwagawira ziwalo zonse. Pambali pake pali pepala losonyeza mawati amene kangapereke. Liwerengeni musanachoke pakhomo. Mpata wa PCI Express pawokha umapereka mawati osapitirira 75, ndipo opanga ena, makamaka pa mabokosi aang'ono, amalamula ochepera pamenepo. Khadi lofuna oposa apa limadya kudzera pa nthambo yapadera: ya mabowo 6 imawonjezera mawati 75, ya mabowo 8 imawonjezera 150. Tsono makompyuta opyapyala a muofesi, monga ma Dell OptiPlex ndi ma HP Compaq amene adzaza m'masukulu mwathu, ambiri ali ndi kabokosi ka mawati pafupifupi 240 ndipo nthambo zoterezi mulibe. Kuika Radeon RX 580, khadi lodya mawati 185 palokha, m'makina otere kuli ngati kumangirira ngolo ya ng'ombe pa mbuzi.

Ena amati azembe vutoli pogula kanthambo kotenga magetsi pa nthambo ya SATA, ija yodyetsa hard disk. Nthambo imeneyo sinapangidwe kuti inyamule katundu wotero. Imatentha, imasungunuka, ndipo ikhoza kuyatsa moto. Ena amati asinthe kabokosi ka magetsi konse, n'kukapeza kuti ma Dell ndi ma HP ambiri ali ndi mapulagi awoawo amene sagwirizana ndi a pamsika. Kumbukiraninso kuti kabokosi kamene katumikira zaka 10 sikaperekanso mphamvu yonse yolembedwa pa pepala paja, ndipo mwina ndi komweko kamene kanapha khadi loyamba. Kompyuta ikamazima yokha pamene yapatsidwa ntchito yolemetsa, mlandu uli pamenepo. Njira yabwino ndiyo kusankha pakati pa makhadi okhuta ndi za mumpata: GeForce GT 710 imadya mawati 19, GT 1030 imadya 30, Radeon RX 550 imadya 50, GTX 750 Ti imadya 60, ndipo GTX 1050 Ti imafika pa 75. Awiri oyambawo ndiwo oyenera mabokosi aang'ono.

Msinkhu nawo uyezedwe ndi lula. Bokosi lopyapyala limafuna khadi lalifupi, la low profile, lokhala ndi kachitsulo kafupi kakumbuyo. Funsani ngati kachitsuloko kalipo musanalipire.

Pa nkhani ya nthambo ya monita tiimepo pang'ono, chifukwa pagwa anthu ambiri. VGA inayamba mu 1987, DVI mu 1999, HDMI inafika pamsika mu 2003, ndipo DisplayPort inakhazikitsidwa mu 2006. Mwa zonsezi VGA ndiyo imanyamula chithunzi m'njira yakale ya analogi yokha, koma ndi yomweyo imene mamonita ndi maprojekita ambiri a m'masukulu amamva. Makhadi akale anali ndi bowo la DVI-I, limene limatulutsa njira zonse ziwiri, kotero kuti kapulagi kotsika mtengo kosinthira ku VGA kankakwanira. Kuyambira 2016, ndi makhadi a GTX 10, NVIDIA inasiya njira yakaleyo, ndipo bowo lake ndi DVI-D. Mungawasiyanitse ndi maso: DVI-I ili ndi timabowo tinayi tozungulira kampata kopyapyala ka m'mbali, DVI-D ilibe. Pa khadi latsopano kapulagi kaja sikagwira. Pamafunika kosinthira kokhala ndi kaubongo m'kati, kochokera ku HDMI kupita ku VGA. Munthu wosadziwa izi amafika kunyumba, n'kupeza mdima womwe uja, n'kubwerera kukakangana ndi wogulitsa wosalakwa. Pomaliza, makina ena opangidwa chisanafike chaka cha 2012, a BIOS yakale, amakana kuyamba ndi makhadi atsopano kwambiri. Ichi ndi chifukwa china chosankhira khadi la msinkhu woyandikana ndi kompyutayo.

Kumsika, kaya ndi ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, makhadi ambiri amene mungawapeze ndi ogwiritsidwapo kale ntchito. Palibe choipa pamenepo, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa dziko lonse pafalikira makhadi achinyengo: anthu amatenga GPU yakale, monga ya GTS 450 ya 2010, n'kuisintha dzina kuti idzitchule GTX 1050 Ti. Chizindikiro chake n'chosavuta: GTX 1050 Ti yokhala ndi bowo la VGA ikayikireni. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaulula ambiri mwa makhadi otere. Palinso makhadi amene anagwira ntchito usana ndi usiku pokumba ndalama za pa intaneti, amene anasefukira pamisika Ethereum itasiya njira yokumba mu Seputembala 2022. Mafani awo amakhala otopa. GT 1030 nayo ili pawiri, ya memory ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzi koma yachiwiriyo ndi yofooka kwambiri. Ngati n'kotheka nyamulani bokosi lanu, khadi liyesedwe m'menemo inu mukuona, liseweretse kanema kwa kanthawi kuti litenthe, ndipo mutenge lisiti.

Mudzamvanso za amisiri amene amawotcha khadi lakufa mu uvuni kapena ndi mpweya wotentha kuti lidzuke. Limadzukadi nthawi zina, kwa milungu kapena miyezi yochepa, kenaka n'kufanso. Khadi lowauka kapena lopindika m'mbali mwa GPU lisiyeni pomwepo. Ndipo uvuni wophikira chakudya si malo ake, pakuti utsi wake ndi wapoizoni.

Kuika khadi

Zimitsani kompyuta, zulani pulagi pakhoma, ndipo dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Tsegulani chivundikiro cha m'mbali. Musanagwire chiwalo chilichonse, gwirani kaye chitsulo cha bokosi. Thupi la munthu limasunga magetsi, aja amathetheka mukamavula juzi mumdima nyengo yozizira, ndipo ngakhale ochepa osamveka n'komwe akhoza kupha GPU. Kabokosi ka power supply musakatsegule konse, ngakhale mutazula pulagi. Makapasita ake amasunga magetsi oopsa. Monita yakale ya chimimba nayo musaitsegule.

Masulani sikuluwu kapena chotsekera chimene chagwira khadi kumbuyo. Kenaka funani kokowera ka kumapeto kwa mpata, kamene kamabisala pansi pa khadi, ndipo mukakankhe musanakoke. Wokoka mwamphamvu osamasula kokowerako amazula mpata wonse pa bolodi, ndipo pamenepo kompyuta imafadi. Chotsani fumbi ndi burashi youma, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire. Khadi latsopano ligwireni m'mphepete, osakhudza timano tagolide, lilunjikeni pa mpata, ndipo likanikizeni mofanana mbali zonse mpaka kokowera katalira. Mangani sikuluwu, lumikizani nthambo ya magetsi ngati khadilo likuifuna, ndipo nthambo ya monita muilowetse pa khadi, osati pa bolodi. Yatsani chivundikiro chisanatsekedwe kuti muone ngati fani ikuzungulira.

Poyamba zilembo zikhoza kuoneka zikuluzikulu ndi zosalongosoka. Musadandaule, Windows ikugwiritsa ntchito dalaivala wongogwirizira. Chotsani dalaivala wa khadi lakale, makamaka ngati mwachoka ku AMD kupita ku NVIDIA kapena kuchoka ku NVIDIA kupita ku AMD, ndipo ikani woyenera wochokera kwa opanga khadilo, osati pa masamba osadziwika a pa intaneti. Kumene intaneti ili yovuta, mutengereni pa fulashi. Dziwani kuti makhadi onse tatchulawa ndi akale, ndipo opanga ake sakuwatulutsiranso madalaivala atsopano monga kale. A GT 710 anaima mu 2021. Omwe alipo akugwirabe ntchito, koma onetsetsani kuti alipo a Windows imene muli nayo. GT 1030, mwachitsanzo, ilibe dalaivala wa Windows XP.

Izi zikutifikitsa pa kuwerengera kumene mphunzitsi wamkulu ndi komiti ya sukulu ayenera kuchita. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Khadi latsopano silingachititse makina akale kulandira Windows 11, chifukwa imeneyo imayang'ana purosesa ndi kachipangizo kotetezera kotchedwa TPM 2.0. Motero khadi limene mtengo wake ukuyandikira wa kompyuta ina yogwiritsidwapo ntchito ya m'badwo watsopanopo si loyenera kugula. Koma khadi laling'ono lotsika mtengo, m'makina amene aikidwa Linux Mint kapena Ubuntu, kumene madalaivala a makhadi akale ambiri amabwera ali m'kati kale, likhoza kubwezera kompyuta m'kalasi kwa zaka zingapo. Kwa inu achinyamata amene mwangomaliza Fomu 4, zipinda zosungira katundu za m'masukulu oyandikana nanu ndi malo abwino ophunzirirapo luso limeneli, ngati aphunzitsi aakulu angakuloleni. Pa mabokosi atatu ogona, kawirikawiri mumatuluka limodzi loyenda.

Khadi lakufa musalitaye kudzala kapena kuliwotcha, pakuti lili ndi zitsulo zimene siziyenera kulowa m'nthaka ya kudimba. Chotsanipo fani, kachitsulo kakumbuyo ndi masikuluwu, zimene zidzathandiza pa khadi lina. Chotsalacho chilembeni kuti n'chakufa, ndi tsiku lake, kuti wina asadzachiyesenso. M'buku la katundu wa sukulu lembani dzina la khadi latsopano, mawati a kabokosi ka magetsi, ndi dalaivala amene mwaika, ndipo fulashi ya dalaivalayo isungidwe ku ofesi. M'gawo lotsatira tidzakamba za kabokosi ka magetsi komweko, ndi mmene tingatetezere makina ku mphenzi mvula isanayambe.